Mzinda wa London umaoneka ndi phazi

Tsiku lachiwiri nditafika ku London, mchemwali wanga adandipatsa mwana wake kuti andiperekeze m'tauni. Mwiniwake adali atachezera usiku wonse kuntchito, kunyumba yosamalirako okalamba, maso ali psuu. Asanatseke chitseko cha kuchipinda adatembenuka nati: "Achimwene, musakadzizunze ndi kuyenda wapansi. Kuno si ku Ndirande. Khadi ndakupatsani, muzikwera."

Tidakweradi. Chakumasana tili pa Leicester Square, mphwangayo adati tipite ku Covent Garden tikaone anthu ochita zisudzo ndi matsenga mumsewu. Adasuzumira pafoni nati, "Amalume, ndi siteshoni imodzi yokha." Tidalowa pansi pa nthaka. Masitepe oyenda okha, makonde okhotakhota, kamphepo kofunda konunkha chitsulo, kenako kudikira. Sitima idabwera, tidapanikizana, ndipo ndisanagwiritse n'komwe chogwirira, idaima. Tafika. Koma siteshoni ya Covent Garden ilibe masitepe oyenda okha. Umasankha kuima pamzere wa chikepe kapena kukwera masitepe 193 ozungulira ngati chigoba cha nkhono. Tidaima pamzere. Madzulo pobwerera, khomo la siteshoni lidali litadzaza anthu, ine ndidati tiyeni tingoyenda tione kumene msewuwu ukatifikitse. Mphindi zisanu sizidakwane, tidapezeka pakhomo lomwe lija tidalowera masana. Masiteshoni awiriwa atalikirana mamita 260 okha. Ndiye kuti ndidalipira pafupifupi mapaundi atatu, n'kutaya mphindi 15, kuti andinyamule mtunda wosakwana mabwalo atatu a mpira.

Kuyambira tsiku limenelo khadi lija lidayamba kugona m'thumba, ndipo mpaka lero ndikamva munthu akukonzekera tchuthi cha ku London, ndimamuuza zomwe ndikulemba panozi. Ngati miyendo ili bwino, sitima ikufikitseni m'katikati mwa mzinda m'mawa, idzakutengeni madzulo. Pakati ponsepo pondani pansi. Nkhani yopulumutsa ndalama ilipo, paundi si yamasewera kwa munthu wolandira makwacha, koma imeneyo ndi yaing'ono. Chachikulu n'chakuti zinthu za mzindawu zoyenera ulendo wa maola ochuluka chonchi mundege, kuphatikizapo mbali ina ya mbiri yathu ife Amalawi, zili pamalo pomwe sitima imadutsa kunsi kwake ndipo basi ya alendo imangozilambalala.

Mphwanga uja sindimuimba mlandu. Chidamunamiza ndi mapu. Mapu otchuka a sitima zapansi pa nthaka, zomwe eni ake amati Tube, adawajambula ndi Harry Beck, ndipo adayamba kugawidwa mu 1933. Beck adali wozolowera kujambula mayendedwe a nthambo zamagetsi, ndiye adaganiza kuti munthu amene ali pansi pa nthaka alibe nazo ntchito zakuti msewu wapamwamba wakhotera kuti, chomwe akufuna n'kudziwa potsikira ndi posinthira. Adawongola mizere yonse, adakulitsa pakati pa mzinda, adafinya madera a kutali. Pa ntchito yake mapuwa ndi abwino kwambiri. Koma mlendo akawatenga ngati chithunzi cha London, amaona ngati malo oyandikana ndi otalikirana, ndipo mzinda wonse umasanduka timadontho ta mitundumitundu tolumikizidwa ndi mdima. Bungwe loyendetsa za mtengatenga mumzindawu, Transport for London, lidaona lokha vutoli, moti mu 2015 lidatulutsa mapu ena osonyeza mphindi zomwe munthu angayende wapansi kuchoka pa siteshoni ina kufika pa inzake. M'katikati mwa mzinda, manambala ambiri pa mapu amenewo ndi ochepera 10.

Komabe mapu okha sakanatigwira chonchi pakanapanda matenda ena omwe timachoka nawo kwathu. Kwathu woyenda wapansi ndi amene wasowa ya minibasi. Bambo wa tayi akaoneka akutsetsereka wapansi kuchoka ku Ginnery Corner kulowera m'tauni ya Blantyre, pofika madzulo mbiri yawanda kuti ntchito idatha, kapena galimoto alanda angongole. Timayenda mitunda italiitali kuposa Mngelezi aliyense, ana a sukulu, amayi a mitolo ya nkhuni, odwala opita kuchipatala, koma timayenda mokakamizika, fumbi lili kumaso, hutala ili m'khutu, wa kabaza akukupala chigongono. Ku Lilongwe ndiye musanene, mzinda udayalidwa ngati aliyense adabadwa ndi galimoto. Ndiye munthu akavutikira viza, nagula tikiti ya ndege, nafika ku Ulaya, mumtima amati zoyenda pansi ndazisiya ku Chileka. Manyazi amenewa timawalongedza m'sutikesi pamodzi ndi ufa ndi usipa, ndipo achibale amene amatilandira amawadziwa bwino. Kwa iwo kukukweza ndiko kukulemekeza.

Zotsatira zake timazidziwa tonse, chifukwa zimadzaza pa Facebook. Chithunzi pa Big Ben, chithunzi pa mpanda wa Buckingham Palace, chithunzi m'kanyumba kofiira ka foni, zikwama za m'masitolo a mu Oxford Street. Mumufunse munthuyo kuti kuchoka pa Big Ben kupita kunyumba ya mfumu amalowera kuti, akuuzani mtundu wa mzere wa sitima. Chonsecho ndi ulendo wa mphindi 15 kapena 20 kudutsa m'paki ya St James's, momwe muli mbalame za vuwo zomwe mwambo woziweta udayamba mu 1664, kazembe wa Russia atapereka zoyamba ngati mphatso.

Ine ulendo wanga udali mu Julaye 2023, ndipo tsiku lachitatu ndidapita ndekha pa Trafalgar Square. Pakati pa bwaloli pali chipilala cha Nelson, chotalika mamita pafupifupi 52, chokumbukira mkulu wa nkhondo ya pamadzi amene adafa pa nkhondo ya Trafalgar mu 1805. M'ngodya zinayi za bwaloli muli nsanja za miyala. Pa zitatu paima mfumu George IV ndi akuluakulu awiri a asilikali, Henry Havelock ndi Charles Napier, omwe adatchuka pomenyera ufumu wa Britain ku India. Nsanja yachinayi adaimanga mu 1841 kuti aikepo chiboliboli cha mfumu William IV, ndalama zidatha, ndipo idakhala yopanda kanthu kwa zaka zoposa 150. Masiku ano amasinthapo ntchito za aluso osiyanasiyana. Kuyambira pa 28 Sepitembala 2022 mpaka mu 2024, amene adaima pamenepo adali John Chilembwe.

Adamuumba ndi Mmalawi mnzathu Samson Kambalu, amene amaphunzitsa zaluso ku Oxford. Adatengera chithunzi cha mu 1914, chojambulidwa potsegulira tchalitchi cha Chilembwe ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, pomwe mbusayo adaima ndi mmishonale wachizungu John Chorley, onse atavala zipewa. Nthawi imeneyo munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Kambalu adamukulitsa Chilembwe mpaka mamita asanu, Chorley n'kumusiya pa msinkhu wake wa umunthu, moti mzunguyo amaoneka ngati mwana woperekeza.

Ndidafika patsinde pa nsanjayo, khosi lili gada. Nkhope yomwe ndidaizolowera ili yopindikapindika pa ndalama za m'thumba, pano idali kumwamba, kumbuyo kwake mitambo ya ku England ikuthamanga. Ndidazungulira kamodzi, kawiri. Mbali iliyonse imakuuza zake: kwina Chorley amabisika, kwina amatulukira, kwina chipewa cha Chilembwe chimakhala chokha pa thambo. Ndidapezeka ndavula chipewa changa mwaulemu monga tidaleredwera, kenako ndidadziseka n'kuchibweza pamutu, poona kuti mwini wakeyo zovulavulazo ndiye sadazifune. Ndidakhala pamenepo mwina theka la ola. M'nthawi imeneyo mabasi opanda denga onyamula alendo adadutsa angapo m'mbali mwa bwalolo, ndipo anthu a pamwamba pake mafoni onse adaloza kwa Nelson ndi ziboliboli za mikango za patsinde pa chipilala chake. Sindikudziwa ngati mwa iwo mudali Mmalawi. Ngati adalimo, adadutsa munthu amene boma la atsamunda lidamupha pa 3 Febuluwale 1915 ngati chigawenga, ataimikidwa pakati pa likulu la ufumu womwewo, iye ali kalikiliki kujambula mkango.

Mukatembenuka kum'mawa kwa bwalo lomweli mukuona South Africa House, pomwe anthu odana ndi tsankho adachita chionetsero usana ndi usiku osalekeza kuyambira 1986 mpaka Nelson Mandela atatuluka m'ndende mu 1990. Mu 1996 Mandela adaima pakhonde la nyumba yomweyo n'kulankhula kwa khamu la anthu. Palibe chimene chimakukuwirani kuti taonani kuno. Muyenera kukhala ndi nthawi yoima, kuwerenga, kufunsa.

Kuchoka pamenepo ndidalowa pansi pa Admiralty Arch n'kutsata msewu wofiirira wa The Mall, womwe alendo onse amautsata kupita kunyumba ya mfumu. Ambiri maso amakhala kutsogolo. Koma kudzanja lamanja, kuseri kwa mitengo ndi mipanda, kuli nyumba ziwiri zomwe mwana aliyense wa Fomu 4 adaziloweza pokonzekera mayeso a mbiri. Yoyamba ndi Marlborough House, komwe mu Novembala 1962 Dr Hastings Kamuzu Banda ndi anzake adakambirana ndi boma la Britain mpaka kugwirizana zoti Nyasaland idzilamulire, ndipo mu Febuluwale 1963 Kamuzu adakhala nduna yaikulu. Lero ndi likulu la Commonwealth. Patsogolo pang'ono, m'mphepete mwa Green Park, pali Lancaster House, komwe mu Julaye ndi Ogasiti 1960, patangopita miyezi yochepa Kamuzu atatuluka m'ndende ya Gwelo, adakhala pansi ndi Iain Macleod, nduna ya Britain yoyang'anira maiko a pansi pa atsamunda, n'kutsegula njira ya chisankho cha 1961. Anzathu a ku Zimbabwe nawo pangano lawo la 1979 lidasainidwa momwemo. M'kati simulowedwa wamba, ndidangoima panja n'kumayang'ana makoma achikasu ndi mazenera aataliatali. Chomwe chidandigwira ndi kuyandikana kwake. Kuchoka pa Chilembwe kufika pa Lancaster House sindidakwanitse mphindi 15. M'buku la kusukulu pakati pa zinthu ziwirizi pali zaka 45 ndi mitu ingapo yotopetsa, ndipo palibe mphunzitsi amene adandiuzapo kuti zimayendeka ndi phazi nthawi ya tiyi isanathe.

Mukadutsa paki ija ya St James's mufika ku tchalitchi cha Westminster Abbey. Kulowa ngati mlendo ndi pafupifupi mapaundi 30, ndalama zoti munthu uyambe wawerengera kawiri, ngakhale kuti wopita kukapemphera nawo mapemphero a madzulo salipira. Pansi pa tchalitchichi, pakati penipeni poyenda anthu, pali mwala wa manda a David Livingstone, amene adaikidwa pa 18 Epulo 1874. Mawu oyamba pamwalapo amati adabweretsedwa ndi manja okhulupirika podutsa pamtunda ndi panyanja. Mayina a eni manjawo palibe. Livingstone adafera kwa Chitambo, m'dziko lomwe lero ndi Zambia, mu Meyi 1873. Anthu ake adakwirira mtima wake patsinde pa mtengo, mtembo n'kuuumitsa, ndipo motsogozedwa ndi Susi ndi Chuma adausenza makilomita oposa 1,500, kwa miyezi 9, mpaka ku Bagamoyo kugombe la nyanja ya mchere. Chuma adali Myao, mmodzi mwa akapolo omwe adamasulidwa kumapiri a Shire mu 1861. Pa mwambo wa maliro ku London, iye ndi Susi padalibe, Mwafirika amene adanyamula nawo bokosi adali Jacob Wainwright. Ndidafika pamwala umenewu mapazi akuwawa nditayenda makilomita mwina asanu okha m'misewu yosalala, ndili ndi botolo la madzi m'manja. Sindinena kuti ndidamva zomwe Chuma adamva, kungakhale kunama. Koma nambala ija ya 1,500 idandilowa mwina, mosiyana ndi momwe ikanandilowera ndikanatsika pa basi pakhomo.

Malo amene ndimawakonda kuposa onsewa alibe mfumu kapena msilikali. Ali ku Soho, m'timisewu topapatiza momwe basi yaikulu singalowe n'komwe. Mu Broadwick Street, pafupi ndi malo omwera mowa otchedwa John Snow, pali mjigo wachitsulo wakuda wopanda chogwirira. Ndi wongoyerekeza, woikidwa kukumbukira weniweni umene udali pamenepo msewuwu ukutchedwa Broad Street. Kumapeto kwa Ogasiti 1854 kolera idabuka m'dera limeneli n'kupha anthu oposa 600. Madokotala ambiri nthawiyo ankakhulupirira kuti matendawa amayenda ndi mpweya wonunkha. Dokotala John Snow adayenda khomo ndi khomo kufunsa komwe omwalirawo ankatunga madzi, n'kumalemba imfa iliyonse pa mapu, ndipo timizere ta imfato tidaunjikana mozungulira mjigo umodzi. Ogwira ntchito pa fakitale yofulula mowa mumsewu womwewo adapulumuka, poti sankamwa madzi a pamjigopo. Akuluakulu a deralo adachotsa chogwirira. Pambuyo pake zidadziwika kuti zonyansa za m'dzenje lina lapafupi zinkatsikira m'chitsimecho. Mmalawi amene adaona kolera ya 2022 ndi 2023, yomwe idatenga miyoyo yoposa 1,700 kwathu, sangaime pamenepo ngati mlendo wamba. Mzinda umene timauona ngati udagwa kumwamba uli woyera kale udali ndi mjigo woyandikana ndi dzenje la zonyansa. Ngakhale msewu wotakasuka wa m'mphepete mwa Thames, Victoria Embankment, pomwe anthu amajambulitsapo, ndi chivundikiro cha ngalande zikuluzikulu za zonyansa zomwe injiniya Joseph Bazalgette adamanga mtsinjewo utanunkha mu 1858 mpaka aphungu kulephera kupirira m'nyumba ya malamulo.

Palinso zina zomwe phazi limakuonetsa, zomwe palibe kampani ya alendo ingaziike pa pepala lake. M'mawa kwambiri mumsewu wa Strand, pamakomo a masitolo asanatsegule, mumagona anthu. Ndidaona mzungu wa msinkhu wanga atayala makatoni, atadzikulunga m'thumba logonamo, galu ali kumapazi, kapu yapepala ili pambali. Kutsogolo kwina timatenti. Ndidaona amene amatsuka magalasi a maofesi dzuwa lisanatuluke, amene amaima pakhomo la sitolo maola onse ngati alonda, amene amapalasa njinga ndi chibokosi cha chakudya kumsana mvula ikugwa, ndipo nkhope zambiri mwa izo zidali zofanana ndi yanga. Ife amene timapita kutchuthi n'kubwerera kwathu ndi amene timakhala mboni za Ulaya kwa achinyamata omwe akulota zogulitsa munda wa makolo kuti akwere ndege. Mboni imene yaona mzinda ili padenga la basi imakanena za nsanja ndi nyali zokhazokha. Imeneyo ndi mboni yonama ngakhale isananene bodza lililonse.

Otsutsa ali nazo zonena, ndipo zina ndimazivomereza. London ndi wamkulu, anthu pafupifupi 9 miliyoni pa malo oposa masikweya kilomita 1,500, ndipo amene anganene kuti amuyenda yense wapansi akudzinamiza. Wofuna kukaona Harlesden, komwe Kamuzu adagwira ntchito ya udokotala kuyambira 1945 mpaka 1953, kapena msika wa ku Brixton, kapena Greenwich, akwere. Agogo a mawondo otupa akwere. Mayi wa ana awiri aang'ono akwere. Nyengo nayo ili ndi mawu: mu Julaye dzuwa limalowa itadutsa 9 koloko usiku, tsiku limakhala lalitali ngati awiri, koma mu Disembala 4 koloko isanakwane kwada kale, kuzizira kukulowa m'mafupa. Ndipo miyendo ikatopa, pali basi yofiira ya anthu wamba, yosakwana mapaundi awiri, yomwe ukakhala pampando wakutsogolo m'chipinda chapamwamba umaona misewu yomweyo imene a basi ya alendo alipirira mapaundi makumimakumi. Ingokumbukirani kuti mabasiwa adasiya kulandira ndalama zapamanja mu 2014, amafuna khadi.

Chomwe sindivomereza ndi mfundo yakuti masiku ndi ochepa, ndiye tikwere kuti tione zambiri. Inde mlendo ndi mame. Koma zambiri zake ziti? Munthu wa pa basi amabwerera ndi malo 20 omwe sangathe kuwasiyanitsa pakatha mwezi. Ine masiku ena ndinkaona malo atatu okha, koma ndikhoza kukujambulirani pansi ndi chala njira yochoka ku tchalitchi cha St Paul's, kuwoloka mlatho wa oyenda pansi wa Millennium, womwe adautsegula mu Juni 2000 n'kuutseka patapita masiku awiri chifukwa unkagwedezeka anthu akamaponda, mpaka ku Tate Modern, nyumba ya zaluso yomwe kale idali malo opangira magetsi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, adatero akuluakulu, ndipo sadanenere nkhono zokha.

Mtengo wake ulipo, ndipo ine ndidaulipira mopusa. Tsiku loyamba loyenda ndidavala nsapato zanga za kutchalitchi, zatsopano, zosongoka, zogulira ulendo womwewu, poti ndinkafuna zithunzi zikaoneke bwino kumudzi. Pofika 3 koloko matuza adali atatuluka ku zidendene zonse. Ndidakhala pa benchi m'mphepete mwa mtsinje, ndidavula nsapato ndi masokosi, anthu akudutsa osandiyang'ana n'komwe, ndipo pamenepo ndidazindikira kuti mumzinda uno palibe amene ali ndi nthawi yoona nsapato za mnzake. Mawa lake ndidabwereka nsapato zakutha za mlamu wanga zothamangira, zokula ndi nambala imodzi. Zithunzi zonse zabwino za ulendowu ndili m'nsapato zimenezo, ndipo kumudzi palibe adafunsapo.

Kusochera musakuope. M'mphambano zambiri muli zikwangwani zazitali zokhala ndi mapu, pomwe adazunguliza malo omwe mungafike m'mphindi 5 ndi m'mphindi 15, ndipo mapuwo adawatembenuza kuti chomwe chili kutsogolo kwanu chikhale kumwamba. Gwiritsani zimenezo m'malo moyenda foni ili m'manja, chifukwa akuba a pa njinga amatsomphola mafoni masana dzuwa likuswa mtengo, makamaka m'misewu yodzaza alendo. Magalimoto amayenda kumanzere monga kwathu, ndiye khosi lathu lidazolowera kale, koma misewu yambiri ndi yolowera mbali imodzi, n'chifukwa chake powolokera adalemba pansi mbali yoti muyang'ane. Mukawolokera ku Paris kapena ku Rome, kumeneko zonse n'zotembenuka. Mvula ikayamba kapena mukafuna kudzithandiza, lowani mu National Gallery, British Museum kapena Tate Modern, kulowa ndi kwaulere, zimbudzi ndi mipando zilimo. Ine ndidalowa mu National Gallery kuthawa mvula, ndidatulukamo patapita maola awiri mvula itasiya kalekale.

Mfundo yomwe idandikhalitsa chete idachokera kwa mchemwali wanga yemwe uja. Usiku wina ndikumufotokozera za Lancaster House ndi mjigo wa ku Soho, ndidalakwa kumufunsa kuti zaka zonsezi ali kuno, bwanji sadapiteko. Adandiyang'ana, adavula silipasi, adaika phazi pa mpando. Akakolo adali otupa. "Achimwene," adatero, "inu mwabwera kudzayenda. Ine ndimayenda maola 12 usiku uliwonse, m'khonde limodzi lomwelo, kutembenuza azigogo a eni ake. Tsiku lopuma mukufuna ndikayendenso?" Ndidalibe poyankha. Kuyenda kosangalala nako n'kwa munthu amene ali patchuthi, amene wina akumuphikira ndi kumulipirira nyumba yogona. Koma zimenezi zikundipatsa chifukwa china chonenera zomwe ndikunenazi. Mlendo amene amaopa kuyenda yekha amasanduka katundu wa womulandira, amene ayenera kupempha tsiku kuntchito, kutaya malipiro, kugula matikiti a banja lonse, kuti amukweze mlendo basi yopanda denga. Wodziwa kuponda pansi amangofunsa sitima yolowera m'tauni ndi yobwerera, mwini nyumba n'kugona tulo take.

Kutatsala masiku awiri kuti ndinyamuke, lidali tsiku lake lopuma, ndipo adadzuka yekha n'kunena kuti ndikamuonetse Chilembweyo, koma tikwere mpaka pafupi. Tidatsikira pa Charing Cross, pomwe kufika pabwalo ndi mphindi zitatu, ndipo zitatu zomwezo adadandaula mawondo njira yonse. Atafika patsinde pa nsanja adakhala chete. Adazungulira pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno, mpaka adamupeza Chorley. "Kamzunguka ndiye kachepa bwanji," adatero. Kenako adatulutsa foni, adaimbira amayi kumudzi pa WhatsApp, n'kuloza kamera kumwamba. Netiweki ya kumudzi inkadukaduka, ndipo amayi ankangofunsa kuti kodi ameneyo ndi ndani wavala chipewayo, nanga mwadya kale. Titamaliza ndidati tiyeni tidutse pa The Mall, Lancaster House ndi pompano. Adayang'ana msewuwo, adayang'ana mapazi ake, nati ulendo wina. Tidakwera basi.